Mpikisano wa Malilime ku Harlem ndi Anthu Amene Adauchemerera

Lachitatu lina, nthawi yopuma itatsala pang'ono kutha, ndidamva phokoso kuseri kwa chipinda cha Sitandade 7, pansi pa mtengo wa mango. Lidali phokoso limene mphunzitsi aliyense amalidziwa. Ana akafuula onse pamodzi, nakhala chete, nafuulanso, ndiye kuti pakati pao pali awiri amene agwirana pakhosi. Ndidapita msanga, choko chili m'manja. Koma nditafika sindidapeze wokha mwazi kapena wong'ambika malaya ai. Anyamata awiri adaima pakati pa bwalo la anzao, osakhudzana ndi chala chomwe, ali kunyozana mosinthana ndi mau oyalidwa bwino ngati a ndakatulo, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi. Woyamba adali wanthabwala, wovinavina, woponya funso kwa anzake kuti amyankhe onse pamodzi. Wachiwiri adali mnyamata wofatsa amene m'kalasi sakweza mkono kawirikawiri. Iyeyu adangoima chilili, nalankhula zimene adaziloweza pamtima. Ndidafika iye ali kutsiriza, ndipo mau ake otsiriza adali onena za bambo wa mnzakeyo, amene adapita ku Johannesburg zaka zinai zapitazo osatumiza ngakhale moni. Ana adalumpha, ena mpaka kugwa pansi ndi phwete. Belu lidalira, ndipo onse adabalalika ndisadafunse kanthu.

Madzulo ake ndidafotokozera mwana wanga wachisamba, amene adabwera kudzationa kuchokera ku tauni. Iye adaseka nati, "Bambo, zimenezo si zachilendo. Pa Chingerezi amati battle rap, ndipo zidayamba inu mukadali ku pulayimale." Pamenepo adatulutsa lamya yake ya m'manja nandimvetsera mau akale, osamveka bwino, ojambulidwa ku New York m'chaka cha 1981. Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa ndi kumvetsera, pakuti sindifuna kudzudzula chinthu chimene sindikuchidziwa. Tsono chimene ndapeza, makolo anzanga, nchakuti pa mpikisano wotere maso athu amathamangira kwa awiri olankhulawo, pamene mphamvu yeniyeni ili ndi iwo amene awazungulira.

Kumene zidachokera

Rap ndiko kulankhula motsata kugunda kwa ng'oma, mizere yake ikuthera m'mau omveka mofanana. Idabadwira pakati pa anthu akuda ndi osauka a ku Bronx, chigawo chimodzi cha mzinda wa New York. Ambiri amawerengera chiyambi chake pa 11 August 1973, pamene mnyamata wobadwira ku Jamaica, Clive Campbell, amene ankadzitcha DJ Kool Herc, adaimbitsa mbale za galamafoni pa phwando limene mlongo wake adakonza kuti apeze ndalama zogulira zovala za kusukulu. Phwandolo lidachitikira m'nyumba ya nambala 1520 pa mseu wa Sedgwick Avenue. Herc adaona kuti ovina amatenthedwa kwambiri pamalo pamene woimba waleka, patsala ng'oma zokha. Motero adayamba kugwiritsa ntchito mbale ziwiri za nyimbo imodzimodzi, kuti ikatha ng'oma ya mbale iyi ayambitse ya mbale inayo, gule asazizire. Pamwamba pa ng'omazo padafunika munthu wa pa chimkuzamau wolimbikitsa ovina, kutchula maina a abwenzi ndi kuponya timau toti anthu ayankhe. Munthu ameneyu ndiye adatchedwa MC. Pachiyambi ntchito yake idali yonga ya mtsogoleri wa nyimbo pa ukwati: iye aponya, khamu lilandira. Adali mtumiki wa gule, ndipo palibe amene ankayembekeza kuti anene zozama.

Pa ntchito imeneyi panalibe womposa David Parker, wodziwika ndi dzina lakuti Busy Bee. Adali wansangala, wodziwa kuseketsa, ndipo akakwera pa nsanja ngakhale wamanyazi ankadzuka pampando. Koma m'zaka zomwezo padali kukula anyamata ena amene sadakhutire ndi kuponya timau. Iwo ankakhala pansi ndi cholembera, kusula mizere yaitali yolukanalukana, ndi kuphunzira kuilankhula mwaliwiro osapunthwa. Mmodzi wa iwo adali Mohandas Dewese wa ku Harlem, wotchedwa Kool Moe Dee, wa m'gulu la anyamata atatu lotchedwa Treacherous Three. Onse awiri, Busy Bee ndi Kool Moe Dee, adabadwa mu 1962. Tsono pa usiku umene tikunenawu adali anyamata a zaka 19, msinkhu wa ana athu a Folomu 4.

Usiku wake udali wa mwezi wa December 1981, nyengo ya Khirisimasi, m'nyumba ya zisangalalo yotchedwa Harlem World, pamphambano ya 116th Street ndi Lenox Avenue. Kudali mpikisano wa ma MC, wolimbirana chikho. Monga momwe Kool Moe Dee mwini wake wakhala akufotokozera, iye adabwera ngati woyendetsa mwambo chabe, wosati wopikisana. Koma adaona Busy Bee akujambulitsa chithunzi ndi chikho mpikisano usadayambe, akudzitama kuti palibe angamgonjetse. Zimenezi zidamuwawa, ndipo mwakachetechete adalembetsa dzina lake kumapeto kwa ndandanda.

Busy Bee adachita monga mwa masiku onse. Adafunsa khamu mafunso ake ozolowereka, monga lakuti aliyense adabadwa pansi pa nyenyezi iti, pakuti kumeneko ambiri amakhulupirira kuti mwezi wobadwa umalamula khalidwe la munthu, komwe ndi kuombeza kovala jekete. Khamu lidayankha ndi mtima wonse, nyumba yonse nkugwedezeka. Iye adatsika pa nsanja ali wokhutira. Pamenepo Kool Moe Dee adatenga chimkuzamau. Adayamba ndi kuvomereza kuti mnzakeyo amadziwadi kusangalatsa anthu, koma pomwepo adatembenuka nachita chinthu chimene sichidali chizolowezi: adamtchula dzina, namlunjika mzere ndi mzere. Adati phwando lililonse Busy Bee amabwereza zomwezomwezo. Adati dzina lakuti Starski, limene Busy Bee ankadziwonjezera, adalitenga kwa MC wina, Lovebug Starski. Adatinso mizere imene ankatchuka nayo idali ya Spoonie Gee. M'kati mwake mudalinso mau otukwana amene sangalembedwe m'magazini muno. Pa tepi mumamveka Busy Bee akufuula kuti mnzakeyo akhale chete, koma iye sadaleke, ndipo adatsiriza ndi mizere yaliwiro yoti aonetse chimene iye ankachitcha luso lenileni.

Chimene chidandizizwitsa pomvetsera tepi imeneyi si anyamata awiriwo, koma mau a anthu. Makosi omwe aja amene mphindi zochepa zapitazo adali kuyankha Busy Bee mokondwa, ndiwo amene tsopano adali kukuwa pa chipongwe chilichonse chomgwera. Panalibe amene adatuluka, panalibe khamu lina limene lidalowa. Busy Bee sadawalakwire kanthu; adawapatsa chimene adadzera. Koma atamva kukoma kwa kuona munthu wotchuka akuvulidwa pagulu, adaiwala kuti adali kuvina naye.

Woweruza wachiwiri

M'masiku amenewo nyumba za wailesi sizinkaulutsa zochitika za m'malo otere. Zinkayenda pa makaseti. Munthu ankajambula usiku womwewo, mnzake nkujambulako, winanso nkujambula kwa ameneyo, mpaka mau kusanduka ngati a m'mphepo. Koma kaseti inkafika kutali kumene eni ake sadapondeko. Apa mpamene padabadwa woweruza wachiwiri, wosiyana ndi woyamba uja. Munthu wa m'nyumba ya gule amamva ndi thupi lonse: ng'oma, thukuta, kufuula kwa oyandikana naye. Munthu wa kaseti amamva ali chikhalire, ndipo akaphonya liu amabweza tepi m'mbuyo namvanso. Luso la Busy Bee lidali lofuna khamu. Pa kaseti limamveka ngati munthu woitana anthu amene adapita kale. Luso la Kool Moe Dee lidali lokoma kubwereza, pakuti ulendo wachitatu umamvamo zimene udaphonya ulendo woyamba.

Zoterezi zidali zitaoneka kale m'nyumba yomweyo. Pa 3 July 1981 magulu awiri, Cold Crush Brothers ndi Fantastic Five, adalimbirana madola 1,000, ndipo woweruza adali phokoso la anthu. A Fantastic Five, amene adali okondedwa kwambiri ndi atsikana, adalandira mfuu yoposa natenga ndalamazo. Koma kaseti itayenda m'misewu, omvera ambiri adagamula kuti a Cold Crush ndiwo adali akatswiri, ndipo mbiri yao idakula kuposa ya opambanawo. Ndalama zidapita kwina, ulemu kwina.

Chifukwa chake otsatira adagawanika pawiri, ndipo mkangano wao sudathe mpaka lero. A mbali ya Busy Bee amati ntchito ya MC ndi kusangalatsa anthu amene alipira pakhomo, ndipo iye adaigwira mosalakwitsa. Amatinso adachita kumlalira, pakuti adayamba ndiye, osadziwa kuti kumbuyo kukudza wina wodzamtchula dzina. Kumeneko, ati, si kupambana koma kubaya munthu kumsana. A mbali ya Kool Moe Dee amayankha kuti munthu wodzitcha mfumu asadandaule akayesedwa, ndi kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Amati usiku umenewo rap idaleka kukhala phokoso la pa phwando nisanduka ntchito ya wolemba. Pa mfundo yotsirizayi olemba mbiri ya nyimbozi ambiri amagwirizana nao, ndipo mu 2003, pamene kudatuluka filimu yotchedwa Beef yofotokoza mikangano ya oimba rap, nkhani ya awiriwa idaikidwa pakati pa zoyambirira.

Ine monga mphunzitsi njira ziwirizi ndimazidziwa, pakuti zonse zili m'kalasi. Pali kuphunzitsa koti ana onse 80 ayankhe pamodzi, mpaka woyendera sukulu wodutsa panja nkuganiza kuti muno muli nzeru zokhazokha. Koma ukamuimitsa mwana mmodzi payekha, upeza kuti adali kungotsegula pakamwa. Palinso kuphunzitsa koti mwana akhale chete, aganize, alembe. Mtima wanga uli ku njira yachiwiriyi, ndipo ndikadakhala ku Harlem World ndikadapatsa Kool Moe Dee malikisi oposa. Komabe sindinyoza njira yoyamba, pakuti amene adayesapo kuphunzitsa Sitandade 1 popanda nyimbo akudziwa chimene ndikunena. Ngakhale pa guwa timaziona: pali mlaliki amene mpingo umamvomera ndi Amen kuyambira poyamba mpaka potsiriza, ndipo pali wina wa mau otsika amene ulaliki wake umadzakupeza Lachinai uli kumunda. Mpingo wa ku Korinto udagawanika pa nkhani yonga yomweyi, ena kutsata Apolo wodziwa kulankhula, ena Paulo. Tikawerenga bwino kalatayo tipeza kuti Paulo sadadzudzule Apolo konse. Adadzudzula otsatira.

Tsono vuto la usiku wa ku Harlem lili apa. Kool Moe Dee adabweretsa zinthu ziwiri m'mbale imodzi, luso la kuluka mau ndi kuchititsa manyazi munthu mnzake. Khamu lidafuulira zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo panalibe wodziwa kuti mfuu iyi njaluso, iyi njachipongwe. Anyamata amene adamva kasetiyo adaphunzira zonse ziwiri pamodzi, naona kuti chachiwiricho nchapafupi kuchiphunzira. Kool Moe Dee mwini wake adapita patsogolo: adatsiriza maphunziro ake pa koleji ya Old Westbury, ndipo mu 1989 adaimba pa mwambo wa mphoto za Grammy. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 adalowa m'mkangano wautali ndi mnyamata womchepera msinkhu, LL Cool J, ndipo ambiri mwa achinyamata a nthawi imeneyo adamuona iye ngati wachikale.

Maliro a munthu wamoyo

Patapita zaka makumi atatu, masewerowa adali atasanduka malonda okhala ndi malamulo ake. Bungwe lotchedwa Ultimate Rap League, limene lidayamba mu 2009, limakonza mipikisano imene anthu amalipira pakhomo, ndipo pambuyo pake imaonetsedwa pa intaneti. Ng'oma adazichotsa, patsala mau okha. Opikisana amadziwana miyezi ingapo tsikulo lisadafike, motero aliyense amafufuza moyo wa mnzake, kulemba ndi kuloweza. Amalankhula mosinthana ndime zitatu. Ndipo pa mipikisano yambiri ya bungweli sipakhala oweruza konse: chigamulo chimasiyidwa m'manja mwa oonerera.

Mu August 2012, m'nyumba ya Webster Hall ku New York, adakumana Loaded Lux wa ku Harlem ndi Calicoe wa ku Detroit. Calicoe adali wa mau aukali ndi olunjika, odzala ndi mfuti ndi kudzitama za moyo wa m'misewu, mau oti munthu amve nthawi yomweyo nafuule. Loaded Lux adali wa mau okuluwika, a matanthauzo awiri kapena atatu, wolankhula ngati mlaliki. Iye adalowa ndi bokosi la maliro ndi anthu ovala ngati operekeza mtembo, kutanthauza kuti wadza kudzaika mnzakeyo m'manda. Kwathu kuno munthu wochita zotere kwa mnzake wamoyo akadaitanidwa kubwalo la amfumu m'mawa mwake. Koma pa ndime yoyamba Lux adaiwala mau ake naima pakati, chimene pa mpikisano wotere ndi kugwa kwakukulu, ndipo a mbali ya Calicoe adayesa kuti nkhani yatha.

Pa ndime yachitatu Lux adaleka zodzitama, nayamba kulankhula ndi Calicoe ngati mkulu wolangiza mwana. Adanena za bambo wa mnyamatayo. Adati moyo wa uchigawenga umene mwanayo ankaunyadira ndiwo udamlanda bambo wake pakhomo, ndi kuti bambo woona akadamlozera njira ina. Nyumba yonse idaphulika. Oimba otchuka amene adali m'khamumo adaimirira, ndipo m'masiku otsatira ndime imeneyi idafalikira ngakhale kwa anthu amene sadaonerepo mpikisano wotere chibadwire. Otsatira adakangananso. Ena adati woiwala mau sangapambane, ndipo powerenga ndime ndi ndime Calicoe ndiye adachita bwino. Ena adati ndime imodzi ija idalemera kuposa zina zonse pamodzi. Ambiri adaitamanda kuti idali uthenga kwa anyamata onse akuda okula opanda bambo.

Ndaiganizira ndime imeneyi nthawi yaitali, pakuti zambiri zimene Lux adanena ine ndikadazinena pa msonkhano wa achinyamata. Nzoona kuti mfuti si ulemu, nzoona kuti mwana amafuna bambo wake pakhomo. Koma ife akulu a mpingo, amene timakhala pa milandu ya abale, tidaphunzitsidwa dongosolo la pa Mateyu 18: woyamba kumva cholakwa cha munthu ndi mwini wake, muli awiri, ndipo gulu limadza potsiriza, zina zonse zitalephera. Dongosolo limenelo lidaikidwa chifukwa cholinga cha kudzudzula ndi kubweza mbale wako. Pa nsanja ya Webster Hall cholinga chidali kumgonjetsa. Choonadi chidasankhidwa chifukwa ndicho chidali chakuthwa koposa, ndipo bambo amene ankanenedwayo sadali pa mpikisano, sadalandire malipiro, sadapatsidwe ndime yoti ayankhe. Khamu lidapita kwao likudziyesa kuti lamva ulaliki. Koma ndikayika ngati likadafuula chomwecho mau omwewo akadanenedwa popanda mnyamata woimirira patsogolo pao, nkhope ili gwa, akumeza malovu.

Eni masewerowa amati zonsezi nzamasewera, ndipo pakutha opikisana amagwirana chanza. Kawirikawiri zimaterodi, ndipo nkwabwino kuti anyamata alimbane ndi mau kusiyana ndi mipeni. Ifenso tili nako kunyozana kololedwa: asuweni amatukwanizana poyera popanda wokwiya, ndipo mai wosinja pa mtondo amatha kuimba chimene sangachinene pamaso pa apongozi. Koma chisuweni chili ndi mpanda wake. Onse awiri amadziwa polekezera, ndipo akulu ali pafupi. Khamu lolipira pakhomo lilibe mpanda. Likamva chakuthwa lero, mawa lifuna choposa. M'zaka za m'ma 1990 otsatira rap ku America adagawanika, a kum'mawa ndi a kumadzulo, kumbuyo kwa oimba awiri amene kale adali mabwenzi. Tupac Shakur adaomberedwa ku Las Vegas namwalira pa 13 September 1996 ali ndi zaka 25. Christopher Wallace, wotchedwa Notorious B.I.G., adaomberedwa ku Los Angeles pa 9 March 1997 ali ndi zaka 24. Sindikunena kuti nyimbo ndizo zidagwira mfuti. Koma tikumbukire kuti udani wa Sauli pa Davide sudayambe ndi mau a Davide. Udayamba tsiku limene akazi a m'midzi adawayerekeza awiriwo m'nyimbo, napatsa wina chiwerengero choposa cha mnzake.

Ana athu a lero mwina sadamvepo za Busy Bee, koma za Kendrick Lamar ndi Drake akuzidziwa. Mu 2024 awiriwa adaponyerana nyimbo kwa milungu ingapo, ndipo kugawanika kwa otsatira kudali konga kwa 1981. Drake, wa ku Toronto, ndi wa nyimbo zokoma kuvina ndi zogulidwa kwambiri. Lamar, wa ku Compton, ndi wolemba wozama, amene mu 2018 adalandira mphoto ya Pulitzer. Onse awiri adalowetsamo mabanja: akazi, makolo, ngakhale ana aang'ono. Chodabwitsa nchakuti wolemba wozamayo adapambana ndi chida cha Busy Bee. Nyimbo yake yotchedwa Not Like Us idali yovinika, yoti khamu liyankhe pamodzi, koma m'kati mwake adaikamo chinenezo choopsa chokhudza khalidwe la Drake, chimene Drake adachikana. Mu February 2025 nyimboyi idalandira mphoto zisanu za Grammy, ndipo patapita sabata imodzi anthu zikwizikwi adaiimba pamodzi m'bwalo la masewero ku New Orleans. Drake adasumira kampani yosindikiza nyimboyo, koma mu October 2025 woweruza adauchotsa mlanduwo, ponena kuti womvera wanzeru amadziwa kuti mau a pa mkangano wotere ndi okokomeza, si umboni. Kapena ku khoti nkoyenera kutero. Koma lamulo lachisanu ndi chinai, loletsa umboni wonama, silidapatule mau oimbidwa, ndipo womvera amene ine ndimakhala naye tsiku ndi tsiku ali ndi zaka 13.

Lachinai mnyamata wanthabwala uja sadabwere kusukulu. Lachisanu adabwera, nakhala kumbuyo, ndipo tsiku lonse kalasi lidali lozizira, pakuti ndiye amene amatiseketsa masamu akavuta. Sindidakwapule munthu. Ana ataweruka ndidaitana wofatsa uja kuti abwere ndi kope lake. Mizereyo idali kumasamba otsiriza a kope la masamu, 24 yonse, yofufutidwa ndi kulembedwanso kangapo. Kunena zoona idali yolukidwa bwino kuposa chimangirizo chilichonse chimene iye adandilemberapo. Mudali mzere wonena za nsapato za mnzakeyo, wina wa kavinidwe kake, wina womuyerekeza ndi chitini chopanda kanthu. Ya bambo idali iwiri yokha, yakumapeto, yolembedwa ndi cholembera cha mtundu wina.

Ndidamfunsa kuti, "Iwe, mizere 22 iyi idali yokwanira. Iwiri iyi udaionjezeranji?"

Adayang'ana pansi nati, "Aphunzitsi, sabata yatha ndidanena inayo, koma sadafuule."

"Nanga za bambo akewo udazimva kwa yani?"

"Amai ankakamba ndi anzao pa mjigo."

Ndidamuuza kuti alembe ndakatulo ya tsiku lotsekera sukulu, ya mizere 24, yopanda dzina la munthu, ndipo kuti asadayambe apite kwa mnzakeyo ali yekha. Adavomera, ngakhale sadakondwe. Lamulungu lotsatira, ndili kuyendetsa mbale ya chopereka kumbali ya amai, ndidapeza amai a anyamata awiriwo atakhala pa benchi limodzi, akuonera buku limodzi la nyimbo.